Maluwa a Zitini a Doña Fresia

Doña Fresia Carvajal (Doña kwathu kuno ndiye kuti mayi) si azakhali anga enieni. Tinangogundana nyumba ku Santa Brígida, chotilekanitsa chinali chipupa chimodzi cha malata, ndipo iwo ndi amene anagwira mayi anga mapewa tsiku limene ndinabadwa. Kuchokera tsiku limenelo amanditenga ngati katundu wawo. Pano ndili ndi zaka 46, ndili ndi minibasi yangayanga, imvi zayamba kutuluka, koma tikakumana pamsewu amandikokabe kolala kuti aone ngati ndasamba m'khosi.

Kuno ku Pozo Almonte palibe amene sadziwa ntchito yawo. Amapanga nkhata za kumanda ndi zitini. Duwa lenileni kwathu kuno ukaliika pamanda m'mawa, pofika masana limakhala litauma ngati fodya, madzulo mphepo n'kulitenga. Ndiye akufa athu timawapatsa maluwa achitsulo. Doña Fresia amadula chitini cha mkaka ndi sizasi yawo yakuda, kupinda timasamba ndi chala chachikulu, kutimanga pawaya, kenako kupaka penti yofiira, yachikasu ndi yobiriwira. Zala zawo ndi zipsera zokhazokha. Tonse a mumsewu wathu timawasungira zitini, ndipo ndi mmene amadziwira za m'makomo mwa anthu. Mwezi umene mkazi wanga anakwiya n'kupita kwawo ku Arica sindinauze munthu aliyense, koma iwo anangosuzumira m'thumba limene ndinawabweretsera.

"Zitini za nsomba khumi ndi ziwiri, Lolo. Wamulakwira chiyani mwana wa eni?"

Dzina langa ndi Eleodoro, koma pakamwa pawo silinatulukepo lathunthu.

Anabadwira ku Santa Brígida komweko mu 1926, nthawi imene tauniyo inali tauni, chumuni cha fakitale chikufuka osapuma, sitima ikututa mchere woyera wa feteleza kupita nawo kudoko, nyumba ya kanema ikudzaza Loweruka lililonse. Ali ndi zaka khumi ndi zinayi anayamba ntchito yoperekera chakudya m'nyumba imene ankadyera amuna osakwatira. Mmodzi mwa amunawo anali Nibaldo, wophulitsa miyala, amene tsiku lina anabweza msuzi katatu ati wazizira. Msuziwo unali wowotcha lilime, mnyamatayo ankangofuna kuti mtsikana abwerenso patebulo. Kachitatuko Fresia anamuthira msuziwo m'chipewa, ndipo chaka chisanathe anakwatirana.

Banja lawo ine ndinalimva ndi makutu angawa, chifukwa chipupa chinali chopyapyala. Ankakangana za vinyo, za mpira, za nsapato zolowa nazo m'nyumba zili mbuu ndi fumbi. Akatopa kukangana ankayamba kuseka, ndipo zikafika pamenepo mayi anga ankatiuza ana kuti tikasewere kutali. Nibaldo anamwalira mu 1957 ndi chifuwa cha fumbi la mumgodi, ali ndi zaka 33. Patapita zaka zitatu kampani inatseka zonse. Lipenga la kufakitale linalira komaliza, ife tinakwera malole ndi mabedi ndi mapoto, akufa okha ndi amene anatsala kulondera tauni.

Doña Fresia anapita ku Iquique kukatumbula nsomba m'fakitale, ndipo anakhala zaka khumi ndi ziwiri osapondako ku Santa Brígida, chifukwa kunalibe galimoto yopita kumalo kopanda anthu. Pamene anakafikako mu 1972 anapeza akuba matabwa atazula zitseko, madenga, ngakhale mpanda wa kumanda ndi chipata chake chomwe. Mitanda imene inatsala, dzuwa ndi mchenga zinali zitafufuta mayina onse. Azimayi anzawo anangokhala pansi n'kumalira, osadziwa pokoleka nkhata zawo. Iwo sanavutike n'komwe. Ankakumbukira kuti tsiku la maliro, polowa kumanda, dzenje la Nibaldo linali kudzanja lamanja la manda a mwana wina otchingidwa ndi kabedi kachitsulo kopindika mwendo umodzi. Kabediko kanalipo. Anapita kudzanja lamanja, anapeza mtanda wopanda dzina, n'kuukoleka nkhata. Nkhani imeneyi akhala akuifotokoza monyada kwa zaka 24, makamaka pamaso pa amene sanapeze awo.

Ine ntchito yanga ndi yonyamula alendo obwera kudzaona chipululu. Sindikudandaula, ndi imene ikundidyetsa, koma imafuna kuleza mtima kumene ine ndilibe. Amafuna kuona matauni akufa, zithunzi zimene makolo anayala ndi miyala m'mapiri, ndi nkhalango ya mitengo ya tamarugo. Amandifunsa ngati kuno kumagwa mvula, ndikawauza kuti ine ndaionapo kanayi amalemba m'kabuku. Amafunsa chimbudzi pamalo pamene palibe ngakhale chitsamba chobisala nkhuku. Tsiku lopita ku Santa Brígida ndimapeza Doña Fresia atakhala kale pampando wakutsogolo, chikwama pamiyendo. Palibe amene anawalemba ntchito. Ndikangoloza kuti apa ndi pamene ankaphikira buledi, iwo amatembenukira kwa alendo.

"Akunama uyu. Apo panali pometera. Musamamumvere, anachoka kuno akukodzabe pabedi."

Ndinachoka ndili ndi zaka khumi, koma kutsutsana nawo n'kutaya malovu.

Pansi pa siteji ya nyumba ya kanema pamakhala nkhandwe imodzi yotuwa. Alendo amaitchera makamera theka la ola osaiona. Doña Fresia amangogogoda kapu ndi supuni, nkhandwe n'kutulukira kudzatenga chidutswa cha buledi, n'kumaidzudzula kuti yawonda. Mbalame zina zotuwa za kunyanja, zimene zimauluka ulendo wautali kudzaikira mazira pakati pa chipululu, amati n'zopepera ngati anyamata a kumwera amene ankabwera kuno kudzalemera. Tsiku lina mzungu wa ku Ulaya anafuna kuwagula nkhata kuti akakoleke pabalaza pake. Anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa.

"Mufunse, Lolo, kwawo kwafa ndani?"

Ndinamufunsa, anati palibe.

"Ndiye adikire."

Pa 1 Novembala, tsiku la Oyera Onse, ife obadwira ku Santa Brígida timabwerera konko kukaona athu. Ena amapemphera, ena amalira pang'ono n'kuyamba kudya. Doña Fresia amapita kukapereka lipoti. Amachotsa nkhata yakale, kukoleka yatsopano, kuthira pansi theka la kapu ya vinyo, ati theka linalo mwini wake anamwa kale ali moyo, kenako kumuuza Nibaldo zonse za chaka. Amamutchula kuti mdala, chonsecho munthuyo anafa ali wamng'ono kwa ine. Amamuuza amene wakwatira, amene wathawitsa mkazi wa mwini, dzino limene awazula. Amamukumbutsa milandu ya mu 1951. Nthawi zina amatsitsa mawu, ndipo zikatero ife timasendera kutali. Kunyumba Doña Fresia salira pamaso pa munthu, kwa wansembe amangoulula zing'onozing'ono. Zolemera zonse amazisunga chaka chathunthu kuti akazitule pamenepo. Ine ndimawaseka zambiri, koma izi zokha sindinawasekepo, chifukwa ndimadziwa kuti ukwati wawo wonse unatsalira pamtanda umenewo.

Novembala wapitayu m'minibasi munakwera mlendo amene sitinkamudziwa, mayi Edita Barría, mphunzitsi wa ku Chiloé, kumwera kwenikweni kumene mvula siidziwa ndi Lamlungu lomwe. Anabwera ndi ambulera m'khwapa. M'manja anali ndi maluwa enieni amene anagula ku Iquique m'mawa womwewo, ndipo tisanafike theka la ulendo anali atazolika kale mitu. Doña Fresia anawayang'ana pagalasi langa loonera kumbuyo, limene amalitembenuza ngati ndi lawo.

"Mwanyamula ndiwo, mayi?"

"Ndi maluwa a bambo anga," anayankha mlendoyo. "Anamwalirira kuno mu 1957, ine ndili ndi zaka zinayi. Mayi ananditenga kubwerera kwathu, sitinabwerenso. Iwonso atisiya chaka chomwechi."

"Pepani, mwana wanga. Anali ndani bambowo?"

"Belarmino Barría."

"Wamfupi, wa ndevu zapamlomo, wosayankhula? Ankadya kwathu asanakwatire. Munthu wabwino zedi, chaka chonse mawu ake sankakwana khumi. Koma musayembekezere zambiri. Mayina anafufutika onse. Amene tinapeza athu ndife owerengeka, pamafunika mutu."

Pa mawu omalizawo anagogoda chipumi chawo ndi chala, n'kundiyang'ana ine kuti ndivomereze. Ndinavomereza, msewu wake unali woipa, wosati n'kukanganirapo.

Tinafika cha m'ma 11, dzuwa litayamba kuluma. Doña Fresia analunjika pamalo pawo. Anachotsa nkhata yakale, kukoleka yatsopano ya maluwa ofiira, kuthira vinyo. Kenako anazungulira kabedi kachitsulo kaja n'kukakhala pakachitunda ka mbali inayo, kopanda mtanda, kamene mphepo inakasalaza. Pamenepo anayatsa pulaimasi, kutereka ketulo, lipoti n'kuyamba.

"Mdala, bondo lija layambiranso. Usandiuze za mankhwala, ndamwa onse."

Mayi Edita ankayendayenda pakati pa mitanda ndi chithunzi chakale m'manja. Atafika pafupi ndi ife anaima. Anayang'ana chithunzi, kuyang'ana kabedi, kuyang'ananso chithunzi, kenako anandikodola.

"Bambo Eleodoro, taonani inu, mwina maso anga akundinamiza."

Pachithunzipo panali mzimayi wovala zakuda atagwira kamtsikana padzanja, ataima pambali pa mtanda watsopano wolembedwa bwinobwino kuti Belarmino Barría. Kumbuyo kwawo kunkaoneka chumuni cha fakitale. Pafupi ndi mtandawo panali kabedi kachitsulo kopindika mwendo. Ndinasuntha mpaka chumuni chinabwera pamalo pake ngati pachithunzipo. Mtanda wa Belarmino unali umene unavala nkhata yofiira. Mbali ina ya kabedi, m'mphepete mwa chithunzi, munali mtanda wachiwiri, ndipo dzina la Nibaldo linkawerengeka ndithu. Lero pamalo pamenepo panali Doña Fresia, miyendo atatambasula, akutakasa shuga m'kapu.

Ndinachita mantha, ndipo sindibisa, ndinafuna kunama. Ndinanong'oneza mayi Edita kuti abise chithunzicho, tikambirane kaye. Koma makutu a azakhali anga amagontha pokhapokha ukawauza kuti apume.

"Mukunong'onezana chiyani apo ngati akuba nkhuku? Bwera nacho kuno."

"N'chithunzi chabe, azakhali."

"Ndati bwera nacho. Ukuzengereza chiyani, wamwa?"

Anavala magalasi n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Anachitembenuza kumbuyo, kuchibwezanso. Ketulo inali ikuwira, palibe amene anaiphula.

"Wojambulayo analakwitsa," anatero. "Kudzanja lamanja polowa. Ndinalipo ine. Iwe unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, unkangofuna masikono a pamaliro."

Ndi mawu akuti polowa amene ananditsegula mutu. Ndinayang'ana kumene ndinaimika minibasi, ndinayang'ananso kumene kuli mabwinja a tauni.

"Azakhali, chipata chinali kuti?"

"Funso lanji limenelo? Chinali uko, choyang'ana kutauni."

"Nanga mu 72 munalowera kuti?"

Msewu umene tonse timadzera masiku ano anautsegula ndi malole a akuba matabwa aja, ndipo umafikira kumbuyo kwa manda. Popanda mpanda, popanda chipata, munthu amangolowera pamene galimoto yamutsitsa. Tsiku la maliro analowa kuchokera kum'mawa, mu 1972 analowa kuchokera kumadzulo, dzanja lamanja n'kuwapereka kwa mwamuna wa eni.

Anadzuka pang'onopang'ono atagwira bondo. Anasansa siketi. Anazimitsa pulaimasi n'kuichotsa okha, osalola kuti ndiwathandize, kenako anaima n'kuyang'ana kachitunda kaja. Tsopano aliyense akanaona kuti ndi mtumbira.

"Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikumukhalira."

"Ndi kumuphikira tiyi pachifuwa," ndinatero ine. Pakamwa panga pamathamanga ndikachita mantha.

"Munthu wake wodwala chifuwa kale," anatero iwo, ndipo anaseka. Kuseka kwake kunali kwakufupi, kunathera panjira.

Amene analira anali mayi Edita. Anati moyo wawo wonse akhala ndi manyazi kuti bambo awo anagona okhaokha m'chipululu popanda wowaponyera ngakhale duwa limodzi, ndipo m'basi masiku atatu ankangoganiza kuti akapeza mchenga wokhawokha. M'malo mwake anapeza manda osamalidwa kuposa onse a ku Santa Brígida, mtanda wopakidwa penti, miyala yoyera itandandalikidwa mozungulira. Anagwira manja a zipsera aja n'kuwapsompsona.

"Musandithokoze, mwana wanga," anatero Doña Fresia. "Bambo anuwa ndawatukwana kwambiri. Ndawanena kuti chidakwa, ndawanena kuti anavina ndi mkazi wa telala. Ndimadabwa kuti bwanji sandiyankha. Nibaldo akanayankha, ngakhale ali pansi."

Kenako anakonza mpango wawo, n'kuima mwaulemu patsogolo pa mtanda umene anausamala zaka 24.

"Bambo Barría, pepani. Ndine Fresia wa kunyumba yodyera uja. Vinyo munamwayo ndi wanu, sindikufunsani. Koma zimene munamva zija, chonde, mukhale nazo chete monga mmene munalili kale."

Mayi Edita anayamba kumasula waya wa nkhata yofiira kuti aibweze kwa mwini wake, koma Doña Fresia anawamenya padzanja.

"Isiyeni. Munthu wazolowera, mukufuna adzuke chaka chino alibe kanthu? Ndipatseni ndiwo zanuzo."

Anatenga maluwa ofota aja n'kuwaika pamtumbira wa Nibaldo, napsinjapo mwala kuti mphepo isawatenge. Ine ndinathamanga kumabwinja, ndinapeza timatabwa tiwiri timene akuba anatinyoza, ndinatimanga ndi waya wa m'chikwama chawo n'kuzika mtanda kumutu. Unapendekeka, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sanandidzudzule pa ntchito ya manja anga. Zimenezo zinandiopsa kuposa zonse.

Anagwada pansi, bondo lodwala lomwelo. Ndinakoka mayi Edita kuti tisendere kutali, koma mphepo inali ikuwombera kwathu, ndipo ndinamva.

"Mdala, ndine. Ndachedwa."

Munthu amene sindinamuonepo akusowa chonena ankangosalaza mchenga ndi chikhatho.

"Sindikudziwa poyambira. Ndinasamuka, ndili ku Pozo Almonte tsopano. Mayi ako anamwalira mu 65, ndinawasunga bwino, usamve za anthu. Sindinakwatiwenso. Analipo wina wa sitolo amene ankafuna, koma ankatafuna mokweza."

Kenako anatchula dzina la Rubén, ndipo ine ndinavula chipewa.

Rubén anali mwana wawo mmodzi yekhayo, mnzanga wosewera naye kuseri kwa chipupa cha malata chija. Mu 1981 anapita kunyanja ndi boti la asodzi ku Iquique, botilo silinabwerere, ndipo thupi lake silinapezeke. Pamaliro opanda bokosi aja Doña Fresia sanagwetse msozi, ankangothira anthu tiyi. Novembala wa chaka chimenecho ndine ndinawanyamula kubwera nawo kuno, ndipo anagwada pamtanda winawo maola awiri athunthu. Pobwerera anandiuza kuti tsopano apepukidwa, chifukwa bambo ake a mwana amva ndipo akamuyang'anira kumeneko.

Anasendera pafupi ndi mtanda wanga wopendekeka uja n'kuugwira ndi manja awiri.

"Nibaldo, limba mtima ndikuuze. Rubén wathu kulibe. Nyanja inamutenga, papita zaka khumi ndi zisanu. Ine ndimayesa uli naye."